Nkhoswe ya Pamgodi: Mbiri ya Malasha, Boma ndi Midzi Yathu

Lero tikambirane za mwambi wakuti "walira mvula walira matope," ndipo tiuyese pa mbiri ya migodi ya malasha. Tanthauzo lake ndi lodziwika: chinthu chabwino chimene munthu akupempha chimabwera ndi zovuta zake. Koma alipo ena amene amaupotoza mwambiwu. Mudzi ukadandaula za fumbi kapena za madzi oipa ochokera kumgodi, iwo amayankha kuti, "Mudalira chitukuko, landirani matope ake." Makolo athu sadatanthauze zimenezo. Amene adapeka mwambiwu ndi omwewo amene ankafolera madenga m'chilimwe, kukumba ngalande kuzungulira nyumba ndi kukweza nkhokwe pamiyala mvula isadagwe. Matope ankawayembekezera, ndipo ankadziwa amene ali ndi udindo wowatchinga. Nanga pa nkhani ya migodi, udindo umenewo ndi wa yani?

Yankho tilipeza pa mwambo wa ukwati. Kwa Achewa ukwati sumangidwa popanda ankhoswe. Kuno ku Mzimba, kumene timalowola, nkhani imayendetsedwa ndi thenga pamodzi ndi akuluakulu a mbali zonse ziwiri. Mayina ndi osiyana, koma ntchito ndi imodzi, ndipo ili patatu. Ukwati usadachitike, ankhoswe amafufuza kuti mnyamatayu ndi mwana wa yani, kwawo amakhala bwanji, ndiponso ngati adasiya mkazi wina kwinakwake. Ukwati uli m'kati, ankhoswe amayendera banjalo namva madandaulo, ngakhale wodandaulayo agogode pakati pa usiku. Ukwati ukatha, ankhoswe sachoka pabwalo mpaka nkhani ya ana ndi ya katundu italongosoka.

Kampani ya mgodi ikafika m'dera imafanana ndi mkamwini wochokera kutali. Ili ndi chuma, ili ndi maloya, ndipo mapepala ake amalembedwa m'chinenero chimene ambiri m'mudzi samva. Mudzi uli ndi minda, zitsime, ziweto ndi manda. Pakati pa awiriwa nkhoswe ndi boma, pakuti ndilo limapereka chilolezo chokumba ndipo ndilo limatolera msonkho. Tiyeni tsono tione m'mene nkhosweyi yagwirira ntchito yake m'zaka zoposa 100 zapitazi.

Msonkho ndi ulendo wa ku Wankie

Anthu a ku Mzimba adadziwana ndi malasha kale kwambiri, migodi ya malasha isadatsegulidwe m'dziko lathu. Mu 1904 mkulu wa boma la atsamunda, Sir Alfred Sharpe, adakumana ndi mafumu a Angoni ku Ekwendeni, ndipo dziko la M'mbelwa lidalowa pansi pa ulamuliro wa Angerezi. Msonkho wa nyumba udatsatira mu 1906. Ndalama ya msonkhoyo inkasowa m'midzi ya ng'ombe ndi mawere, choncho amuna adayamba kuyenda wapansi kupita ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa. Ambiri adalowa m'migodi ya golide ndi m'mafamu, koma ena adakathera ku Wankie, kumene lero kumatchedwa Hwange, m'dziko la Zimbabwe. Malasha a kumeneko ndiwo ankayendetsa sitima zapamtunda za ku Rhodesia, ndipo ankatumizidwanso kumigodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia.

Boma la Nyasaland linkadziwa kuti ulendowu ukupasula midzi. Mu 1935 lidakhazikitsa komiti yofufuza za anthu opita kunja kukagwira ntchito, motsogozedwa ndi Travers Lacey, ndipo lipoti lake lidafotokoza za midzi yotsala ndi amayi, ana ndi nkhalamba, komanso za amuna osabwerera, amene ife timawatcha machona. Mu 1936 maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia adachita pangano ku Salisbury loyendetsera nkhani ya antchitowa. Mapangano otere adasamala kwambiri za ziphaso, za chiwerengero cha opita ndi za ndalama. Za mpweya umene munthu ankapuma pansi pa nthaka zidatsala m'manja mwa eni migodi ndi boma la dziko la eni.

Kuti mumvetse zimene zidachitika pambuyo pake, muyenera kudziwa m'mene mgodi wa malasha umaphera anthu. Malasha amatulutsa mpweya woyaka wotchedwa methane, wosaoneka ndi wosanunkha. Mpweyawu ukachuluka, kamoto kakang'ono kamakwanira kuuphulitsa. Kuphulikako kumadzutsa fumbi la malasha limene lagona pansi ndi m'makoma, fumbilo nalonso limayaka, ndipo moto umathamanga mgodi wonse pa kanthawi kochepa. Njira zopewera ngoziyi zidadziwika kalekale, makamaka anthu 1,099 atafa mumgodi wa Courrières ku France mu 1906: kupopera mphepo yabwino mumgodi, kunyowetsa fumbi ndi madzi, ndi kuwaza ufa wa miyala yosayaka kuti fumbi la malasha lisagwire moto. Zonsezi zimadya ndalama za kampani tsiku ndi tsiku popanda kuonjezera malasha ngakhale thumba limodzi. N'chifukwa chake pamafunika munthu wa boma wolowa mumgodi kukaona ndi maso ake ngati zikuchitikadi.

M'mawa wa pa 6 Juni 1972, mgodi wachiwiri wa ku Wankie udaphulika. Anthu 427 adafa, ndipo mwa iwo 37 adali Amalawi. Opulumutsa adayesetsa kwa masiku angapo, koma mpweya wakupha ndi moto zidawabweza, ndipo akuluakulu a mgodi adalamula kuti khomo litsekedwe ndi simenti. Mitembo yoposa 400 ikadali pansi pomwepo, pamalo otchedwa Kamandama, ndipo chaka chilichonse pa tsikuli anthu amasonkhanapo kukumbukira. Inu mukudziwa kulemera kwa maliro pakati pathu. Taganizani za banja limene lidangolandira uthenga, popanda mtembo woika kapena manda okasesapo. Ofufuza adapeza kuti methane ndiye adayamba kuphulika ndipo fumbi la malasha ndilo lidafalitsa motowo. Malamulo okhwimirapo a chitetezo adabwera pambuyo pake. Chimodzimodzinso, boma la Dr. Kamuzu Banda lidaletsa bungwe la Wenela kulemba Amalawi ntchito mu 1974, pamene ndege idali itagwa kale ku Francistown n'kupha Amalawi 74 ochokera kumigodi ya ku South Africa. Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka. Nkhoswe imene sinkayendera banja idafika tsiku la maliro.

Malasha a kwathu

Dziko lathu lili ndi malasha akeake. Ambiri ali kumpoto, m'mapiri a Livingstonia m'boma la Rumphi ndi m'madera a Ngana, Lufira ndi North Rukuru cha ku Karonga, ndipo ena ali kuchigwa cha Shire, ku Lengwe ndi ku Mwabvi. Kwa zaka zambiri adangokhala pansi. Pamene Dr. Banda ankanena kuti chuma chili m'nthaka, ankanena za khasu ndi ulimi. Komabe mu 1981 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la migodi limene lidaika miyala yonse ya pansi pa nthaka m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu a Malawi. Mfundo imeneyi muisunge bwino. Mfumu ikhoza kukupatsa malo olima ndi omangapo, koma zimene zili pansi pa mundawo si zako ndipo si za mfumu. Lamulolo lidapatsa nduna mphamvu zambiri zopereka zilolezo, koma silidakakamize kampani kukhala pansi ndi mudzi ndi kugwirizana nawo za chitukuko.

Mgodi wa Kaziwiziwi udatsegulidwa mu 1985 ndipo wa Mchenga mu 1987, yonse iwiri m'boma la Rumphi, pansi pa kampani ya boma yotchedwa MIDCOR. Malasha ake ankapita kumafakitale, monga a fodya, a simenti ndi a nsalu, ndipo ena mwa malole owanyamula ankadutsa mumsewu wathu waukulu wa Chikangawa ndi Jenda popita kum'mwera. Pa nthawiyo mwini mgodi lidali boma, woyang'anira mgodi lidali boma lomwelo, ndipo udali ulamuliro wa chipani chimodzi, pamene kudandaula poyera kunkaika munthu m'mavuto. Mkamwini ndi nkhoswe adali munthu mmodzi.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, boma lidayamba kugulitsa makampani ake, ndipo migodi ya malasha idalowa m'manja mwa anthu amalonda. Lamulo losamalira chilengedwe la 1996 lidafuna kuti ntchito zikuluzikulu zisadayambe pakhale kafukufuku wa m'mene zidzakhudzire nthaka, madzi ndi anthu. Papepala zidali bwino. Zimene zidachitika ku Mwabulambo, m'boma la Karonga, ndizo zidaonetsa kutalika kwa mtunda wochokera papepala kufika pamudzi.

Ku Mwabulambo kampani ya Eland idakumba malasha kwa zaka zingapo mpaka 2015, pamene idatseka ntchito n'kuchoka. Mu Seputembala 2016 bungwe la Human Rights Watch lidatulutsa lipoti la migodi ya ku Karonga, lokhudza mgodi umenewu, mgodi wa malasha wa kampani ya Malcoal ndi mgodi wa yureniyamu wa ku Kayelekera. Lipotilo lidafotokoza kuti ku Mwabulambo kudasiyidwa maenje akuluakulu odzaza madzi, ngalande za pansi zosatseka ndi milu ya malasha pafupi ndi nyumba za anthu. Anthu a m'midzi adauza ofufuzawo kuti ena adasamutsidwa mwadzidzidzi, kuti madzi otsika kumgodi adaononga minda yawo ya mpunga, ndi kuti palibe amene adawauza ngati madzi akumwa ndi abwino kapena ayi. Lipotilo lidatinso boma lidalibe anthu ndi zipangizo zokwanira kuyendera migodi, ndipo zotsatira za kuyeza kumene kunkachitika sizinkafika kwa eni mudzi.

Pa mwambo wathu, mkamwini akathawa usiku n'kusiya ana, mlandu umapita kwa ankhoswe ake. Mayiko amene ali ndi migodi yambiri adaphunzira kufunsa kampani kuti isungitse ndalama zokonzera malo isadakumbe ngakhale dzenje limodzi, kuti ikagwa kapena ikathawa, ndalamazo zikwirire maenje. Ku Mwabulambo maenje adatsalira anthu amene sadawakumbe. Apa nkhoswe idalephera ntchito yake yachitatu, ya tsiku lotha ukwati.

Kudikira kwa a ku Kanyika

Mwina mukuti zonsezi ndi za ku Rumphi ndi ku Karonga, ife a ku Mzimba sizitikhudza. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kum'mwera kwa boma lathu lino, ku Kanyika m'dera la Inkosi Mabulabo, kuli mwala wotchedwa niobium, umene amasakaniza ndi chitsulo kuti chilimbe. Mwalawu si malasha, koma lamulo loyendetsera mgodi wake ndi lomwelo, ndipo maofesi opereka chilolezo ndi omwewo.

Kampani ya ku Australia yotchedwa Globe Metals and Mining idayamba kufufuza miyala kumeneko cha m'ma 2006. Pofika 2012 anthu okhala pamalopo adali atauzidwa kuti adzasamutsidwa, ndipo nyumba, minda ndi mitengo yawo zidawerengedwa. Malinga ndi madandaulo amene iwo adapereka pambuyo pake, adalangizidwa kuti asamange nyumba zatsopano kapena kubzala mbewu zokhalitsa, popeza kusamuka kudali pafupi. Zaka zidapita, kusamuka osachitika, chipukutamisozi osaoneka. Mu 2017 mabanja 243 adakasuma ku Khoti Lalikulu, mothandizidwa ndi nthambi ya Church and Society ya Sinodi ya Livingstonia pamodzi ndi bungwe la Southern Africa Litigation Centre. Chilolezo chokumba chidaperekedwa mu 2021, ndipo pangano la pakati pa boma ndi kampani lidasainidwa mu Malichi 2023. Pofika tsiku limenelo anthu adali atadikira zaka zoposa khumi.

Kudikira kotere kumasaukitsa mwakachetechete. Denga likadontha munthu amazengereza kulifolera, chifukwa mawa achoka. Mtengo wa mango umene ukadabzalidwa mu 2012 ukadakhala ukudyetsa ana pofika 2020. Mnyamata wofuna kukwatira amasowa pomanga. Ndiponso pali chuma china chimene owerengera katundu sadziwa kuchilemba: kwa ife Angoni, mwini mudzi ankaikidwa pafupi ndi khola la ng'ombe, ndipo mudzi wochoka pamalo umasiya makolo ake. Pa mwambo wa ukwati, munthu sangatomere mwana wamkazi wa eni n'kumudikiritsa zaka khumi akukana ena. Thenga amabwera kudzanena tsiku, kapena kudzamasula mtsikanayo. Imeneyi ndi ntchito yoyamba ya nkhoswe, ndipo ku Kanyika idachedwa.

Kusamuka kukachitika mosasamala nakonso kuli ndi matope ake, monga adaonera abale athu a ku Tete m'dziko la Mozambique. Pakati pa 2009 ndi 2010 kampani ya Vale idasamutsa mabanja 1,365 kuti itsegule mgodi wa malasha wa Moatize, ndipo ambiri adapititsidwa ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera kutauni. Adalandira nyumba za simenti, koma adadandaula za nthaka yosabereka, za kusowa kwa madzi ndi za kutalikira kwa msika. Mu Januwale 2012 adatseka njanji ya sitima yonyamula malasha. Boma la Mozambique lidatulutsa malamulo oyendetsera kusamutsa anthu m'chaka chomwecho, anthu atasamuka kale.

Malamulo atsopano ndi udindo wanu

Tisaneneze kuti palibe chimene chasintha. Mu 2015 Malawi adalowa m'gulu la mayiko amene amaulula poyera ndalama zochokera kumigodi. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani zosungidwa ndi boma lidavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo mu 2016, ndipo lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Lamulo latsopano la chilengedwe la 2017 lidakhazikitsa bungwe la MEPA loteteza chilengedwe. Lamulo la migodi la 1981 lidalowedwa m'malo ndi la 2019, limene lidabweretsa mfundo yakuti mwini mgodi waukulu achite pangano la chitukuko ndi midzi yoyandikana nawo, ndi kugwiritsa ntchito ndalama zosachepera K4.50 pa K1,000 iliyonse ya malonda ake pa chitukukocho. Lamulo la 2023 lidalowa m'malo mwa la 2019, n'kukhazikitsa bungwe lapadera loyang'anira migodi.

Mukaona zaka za malamulowa mupeza kuti ambiri adabwera anthu atalira kale. Ndiponso lamulo lolembedwa bwino siliyenda lokha kupita kumgodi. Pamafunika woyendera migodi wophunzira ntchito yake, galimoto yokhala ndi mafuta, chipangizo choyezera madzi, ndi mtima wokana chiphuphu. Woyendera amene wanyamulidwa pagalimoto ya kampani, nadya nsima ya kampani, adzavutika kulemba zoipa za kampaniyo, monga momwe nkhoswe yodyera kwa mkamwini imasowera mawu tsiku la mlandu.

Tsono inu adzukulu amene mwapita kusukulu, ntchito yanu ndi kukhala maso a midzi yanu. Alendo ofuna miyala akadzafika, nkhani ikambidwe pabwalo, kapena kusangweni monga tinenera kuno, masana dzuwa likuwala, amayi ali pomwepo, popeza ndiwo amatunga madzi ndi kudziwa chitsime chimene chasintha kakomedwe. Mufunse kuona chilolezo, ndipo mudziwe ngati ndi chofufuzira miyala kapena chokumbira, komanso ngati mgodiwo ukuwerengedwa kuti ndi waukulu, chifukwa pangano la chitukuko lagona pamenepo. Mupemphe kuti lipoti la kafukufuku wa chilengedwe liwerengedwe kwa anthu m'Chitumbuka kapena m'Chichewa. Madzi a m'zitsime ndi m'mitsinje ayezedwe ntchito isadayambe, ndipo zotsatira zake zisungidwe kwa mfumu, kuti tsiku la mkangano pakhale poyambira. Ngati pali kusamuka, tsiku lake lilembedwe, pamodzi ndi chimene chidzachitike tsikulo likapitirira, ndipo malo atsopano mukawaone nokha nyengo ya dzinja ndi ya chilimwe yomwe. Potsiriza mufunse kuti ndalama zokwirira maenje zasungidwa kuti, ndipo zili m'dzina la yani. Safunsa adadya phula.

Mafumu athu nawonso akumbukire kuti dziko adalilandira kuti alisungire mbumba. Mfumu imene yasaina pepala kuseri, anthu ake osadziwa, yachoka pampando wa unkhoswe. Ndipo boma, kuyambira kwa bwanamkubwa ku Boma la Mzimba kufikira ku Capital Hill, tilikumbutse mwaulemu koma mosatopa kuti lidalandira miyala ya pansi pa nthaka m'dzina la anthu, choncho liyenera kuyankha kwa anthuwo.

Migodi sitikuikana. Dziko likufuna ntchito, magetsi ndi ndalama zakunja, ndipo mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma amuna 427 a ku Kamandama, alimi a mpunga a ku Mwabulambo ndi mabanja a ku Kanyika atiphunzitsa kuti nkhoswe iyenera kupezeka pachiyambi, pakati ndi pamapeto. Mukadzamva wina akuti walira mvula walira matope, mudzavomereze kuti mwambiwo ndi woona, kenaka mudzamufunse kuti ngalande yakumbidwa pati, ndipo waikumba ndani.

Nkhaniyi muwawerengere agogo anu ndi ena amene adagwirapo ntchito kumigodi ya kunja, ndipo zimene akuuzeni muzilembe asadatisiye.